Pamsika Ndife Akambuku, M'sitolo Ndife Nkhosa

Pa tchuthi chapitachi bambo anga aang'ono ananditenga kuchokera kwathu kwa Lukwa kupita pa boma pa Kasungu. Anali atangolandira ndalama za fodya wawo wa bale amene anagulitsa ku okushoni ya ku Chinkhoma. Njira yonse ankangodandaula. Ankati ogula fodya alibe chisoni: munthu wafesa nazale kukali chilimwe, wawokera ndi mvula yoyamba, wathyola, wasoka, wayanika m'chigafa, wasankha, wadinda mabelo, koma pa tsiku la msika wotchula mtengo ndi wina amene sanagwirepo khasu. Ine ndinawamvera chisoni.

Titalowa mumsika tinapeza agogo ena aamuna akugulitsa malichero ndi madengu. Anati lichero ndi K3,000. Bambo aang'onowo anaseka nati, "Agogo, kodi licheroli ndi lagolide? Ine ndili ndi K1,500 basi." Agogo aja anayankha motsitsa mawu, "Bambo, nsungwi zikusowa masiku ano, onjezaniko pang'ono." Tinayamba kuyenda ngati tikuchoka, ndipo tisanafike patali anatiitana. Amene ananyamula lichero lija ndine, ndipo ndivomere kuti nanenso ndinakondwa kuti tapambana.

Kuchoka apo tinalowa m'sitolo ina yaikulu. Anatenga beseni lapulasitiki, mabisiketi ndi mafuta odzola. Mtsikana wa pa makina atatchula ndalama, analipira osatsokomola n'komwe, nathokozanso. Apa m'pamene mtima wanga unayamba kundiimba mlandu.

Abale anga, mchitidwe umenewu ndi wa tonsefe. Chitsegulireni masitolo a pa Chichiri ku Blantyre mu 2001 ndi Gateway Mall ku Lilongwe mu 2014, ndani anamvapo munthu akunenerera mtengo m'menemo? Timapukuta nsapato pakhomo, n'kulipira zimene zalembedwa pa kapepala. Ndalama ikaperewera timabweza katunduyo mwakachetechete, mwamanyazi. Ukali wathu wonse timasungira mayi wa tomato, mnyamata wosema mithiko ndi zipande, ndi nkhalamba yoluka mphasa. Tikawatsitsa mtengo timapemphanso basera!

Ena anena kuti kunenerera ndi mwambo wa pamsika, ndipo wogulitsa amayamba dala ndi mtengo wokwera. Sindikutsutsa. Ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ku Lilongwe ali ndi mtengo wa mzungu ndi mtengo wa mwana wa kuno, ndipo alipo mavenda oyeza nyemba ndi mbale yophwanyidwa kunsi. Amenewo nenererani ndithu. Koma agogo a malichero sanali m'gulu limeneli, ndipo ife tinkadziwa. Anavomera chifukwa dzuwa linali litapendeka, ndipo sakanabwerera kumudzi opanda mchere. Tinawapanikiza monga momwe bambo aang'ono anapanikizidwira ku Chinkhoma, kumene mlimi amavomera chifukwa mabelo afika kale ndipo kuwabweza n'kuluza kawiri.

Kodi lichero limodzi limadya masiku angati? Pali kukadula nsungwi, kuziwaza, kuzipala, kuluka, kenaka kumangirira mkombero kuti usamasuke. Mphasa nayo ndi chimodzimodzi: bango lakudambo, kuling'amba, kuliyanika, kulisoka ndi chingwe. Tikawerengera bwino, K1,500 ija siikwana ngakhale ganyu ya tsiku limodzi. Kukwacha nako kunagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Masitolo anasintha timapepala tawo msanga, koma woluka akakweza pang'ono timati wayamba dyera.

Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene amisiri osema aphunzira ntchito ndi kugulitsa zosema zawo kwa alendo ochokera kutali. Ena mwa ife tinaziona m'matchalitchi n'kuzisirira. Chodabwitsa n'chakuti luso lomwelo tikalipeza pansi pa mtengo wa mango pamsika wa kwathu, timaliyesa chinthu chotola.

Ine ndatsimikiza kuti ndikadzapitanso, ndidzafunsa mtengo kamodzi, ndipo ukakhala woyenera ndidzalipira. Ndalama ikachepa ndidzasiya mabisiketi. Kwathu kwa Lukwa oluka malichero amene ine ndikuwadziwa onse ndi a imvi, ndipo zidzukulu zawo zinapita pa boma kukapalasa kabaza.