Za M'munda: Bowa wa Pakhomo

Mwezi wathawu bambo wina anabwera kudzatidandaulira. Iye anakumba dothi pa chulu pamene pamera utale chaka ndi chaka, nalisenza kukaliyala m'dimba mwake, nathirira mwezi wathunthu, koma sanaonepo kanthu. Tsono anafuna kudziwa pamene analakwa. Popeza ambiri a inu mungakhale ndi funso lomweli, tayesa kuti nkwabwino kumyankha pano, kuti mabanja onse amve.

Utale uli ndi mwini wake, ndiye chiswe. Chiswe chituta udzu ndi timitengo, nichiumba zisa m'kati mwa chulu, ndipo pa zisazo chilera bowa kuti chidye. Mvula ikagwa, bowayo aboola dothi natulukira kunja. Wosenza dothi lokha wasiya mlimi m'mbuyo. Momwemonso ndelema, manyame ndi chipindi akhala pa ubale ndi mizu ya mitengo ya m'thengo, monga msuku, mombo ndi tsamba: mtengo udyetsa bowa, bowa athandiza mizu kumwa madzi. Mitundu imeneyi simungaibzale m'munda. Njira yake yoisunga ndi imodzi, kuleka mitengoyo ikhale. Pakuti wogwetsa misuku kuti aotche makala agwetsanso ndiwo za adzukulu ake.

Koma ulipo mtundu wina umene ulola kuleredwa ndi munthu, ndiwo bowa wa oyisitala. Iye safuna chulu kapena muzu wamoyo. Chakudya chake ndi zomera zouma, makamaka mapesi a chimanga, omwe aja ambiri a ife tingowatentha titatha kukolola. Mbewu yake ndi mapira amene akutidwa ndi ulusi woyera wa bowa, ndipo aikonza m'mabotolo anthu ophunzira ntchitoyi. Funsani alangizi a zaulimi kumene mungaigule. Ikhale yoyera mbee ndi yonunkhira ngati bowa. Ikakhala ndi mawanga obiriwira kapena akuda, musailandire.

Nyengo yoyenera ndiyo yachisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene mapesi ali ochuluka ndi dzuwa silinayambe kuswa mtengo. Sankhani malo amthunzi patsinde pa nthochi kapena pa mango, osayenda mphepo yambiri, kutali ndi khola ndi dzala. Mangani kathandala kofika m'chiuno, kofolera ndi udzu, ndi kampanda kouzinga kuti nkhuku ndi mbuzi zisalowe. Musayale mapesi pansi, pakuti chiswe chomwe chija chilera utale chidzawamaliza masiku owerengeka. Ndipo pa miyendo ya thandala thirani phulusa.

Tengani mapesi ouma bwino, osaola, muwadule tizidutswa totalika ngati chala, muwaviike m'madzi usiku wonse. M'mawa muwawiritse mu mgolo ola 1 lathunthu. Ena aona ngati kuwiritsaku nkutaya nkhuni chabe. Koma m'mapesi mukhala mbewu za chuku zosaoneka ndi maso, ndipo zikatsala zamoyo zilanda chakudya bowa asanagwire. Atawira, muwatsanulire pa mphasa yochapa kuti akhe madzi ndi kuzizira. Finyani ena m'dzanja: pakadontha dontho limodzi kapena awiri, afika, madzi akachucha, dikirani. Mbewu yothiridwa pa mapesi otentha ifa pomwepo.

Tsono sambani m'manja ndi sopo, mutenge dengu loyera lolukidwa motayana. Yalani mapesi kuchindikala kwa chikhatho, muwazepo mbewu, muyalenso mapesi, chomwecho kufikira dengu lidzale, mukutsindira pang'ono. Kilogalamu 1 ya mbewu ikwanira makilogalamu 20 a mapesi onyowa. Phimbani dengu lonse ndi chiguduli chochapa chonyowa, muliike pa thandala paja.

Apa ndipo pagona ntchito, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Masabata 3 kapena 4 simudzaona bowa ayi. Musavundukule tsiku ndi tsiku, ndiponso musathire madzi m'dengumo. Ingonyowetsani chiguduli ndi pansi pa thandala. M'katimo ulusi woyera uli kuyanga pang'onopang'ono kufikira mapesi onse ayera ngati thonje. Mukaona pena pachita chuku chobiriwira, chotsanipo msanga mukakwirire kutali. Chikafalikira, tayani dengu lonselo lisanapatsire ena.

Mapesi atayera, kwezani chiguduli kuti mpweya ndi kuwala pang'ono zilowe, ndipo muziwaza madzi oyera ndi tsache latsopano m'mawa ndi madzulo, ndi masana omwe kukatentha. Posachedwa timitu tating'ono tidzatuluka m'mipata ya dengu, ndipo pakapita masiku 4 kapena 5 takula. Zulani phava lonse ndi dzanja mopotokola, m'mphepete mwa bowa musanatembenukire kumwamba, osasiya chitsa chingaole. Pitirizani kuwaza, pakuti dengu limodzi libala kawiri kapena katatu, likupuma sabata kapena masabata 2 pakati. Madzulo muzizonda nkhono ndi makoswe. Dengu likaleka kubala, mapesiwo akhala manyowa abwino a pa bedi la mpiru.

Mawu amodzi tiwanene molimba, makamaka kwa inu amayi amene mutuma ana kukathyola ndiwo. Dyani yekhayo amene munabzala. Oyisitala amera mothithikana, afanana ndi khutu, mwendo wake ndi waufupi ndi wa pambali, ndipo mizere ya kunsi kwake itsikira pa mwendowo. Wina aliyense womera pa dengu kapena pansi pa thandala ndi mlendo, mzuleni, mumtaye. Musakhulupirire kuti bowa wodyedwa ndi nkhono kapena anyani ndi wabwino kwa munthu, kapena kuti kuphika kutha ululu wonse. Bowa woopsa koposa sapweteka msanga: m'mimba muyamba patapita maola 6 kapena kuposa, ndipo wodwala aoneka ngati wachira pamene chiwindi chili kuonongeka. Wina akadwala atadya bowa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, pamodzi ndi onse amene anadya naye.

Bowa uyu sakhalitsa. Phikani tsiku lomwelo kapena mawa lake, motendera ndi nsinjiro. Wotsala muyanike padzuwa kufikira aume gwa, mumsunge m'chikwatu, kuti m'mwezi wa Okutobala, pamene ndiwo zisowa ndi ana ayamba kudyera nsima mchere, mudzakhale nako kotapa.

Yambani ndi dengu limodzi, kuti mukalakwa mutaye zochepa. Bambo uja wabweza dothi lake ku chulu, ndipo mapesi a chaka chino sanawatenthe. Mwezi wamawa tidzanena za kafutsidwe ka nkhwani ndi khwanya.