DOTOLO WOCHOKERA KUNJA AYAMBE WALEMBETSA

Pa chipata cha Mwami, m'malire a Mchinji ndi Chipata, anthu aoloka tsiku ndi tsiku, ena ndi malonda, ena ndi odwala awo. Mbali zonse ziwiri alankhula chinenero chimodzi, ndipo ambiri ali pachibale. Chifukwa cha ichi ena adandaula kuti dotolo amene anaphunzira ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja, angakhale ali mbadwa ya dziko lino, saloledwa kuchiza anthu ku Mchinji kufikira atalembetsa. Iwo ati kumeneku ndi kuchedwetsa thandizo. Koma mlanduwu ufunika kuupenda mofatsa.

Lamulo la 1987 linakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi, limene lisunga kaundula wa madotolo onse. Munthu wochokera kunja ayenera kuonetsa makalata a sukulu yake, ndiponso umboni wakuti kumene achokera sanapalamule pa ntchito. Nalo dziko la Zambia lili ndi Health Professions Council of Zambia, ndipo dotolo wa ku Malawi akaolokera kumeneko alembetsanso. Chotero lamuloli silisankha mtundu.

Amene ayesa kuti ichi n'chonyoza akumbukire Dr. H. Kamuzu Banda. Iye anatsiriza maphunziro a udotolo pa Meharry Medical College ku Nashville, m'dziko la America, m'chaka cha 1937. Koma makalata amenewo sanamlole kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain. Anapita ku Edinburgh nakhalanso pansi monga wophunzira, napambana mayeso mu 1941. Pamenepo ndipo anayamba kuchiza mabanja ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, asanapite ku Kumasi ndi kubwera kwawo mu 1958.

Chifukwa cha lamuloli n'choonekeratu. Dotolo wa pa chipatala cha boma la Mchinji aona malungo a ana, chifuwa chachikulu ndi HIV, matenda amene wophunzira ku Ulaya sakumana nawo kawirikawiri. Mayi akavutika pobereka pakati pa usiku, dotoloyo ayenera kuchita opaleshoni pomwepo, pakuti Lilongwe ili pa mtunda wopitirira makilomita 100. Ndicho chifukwa chake College of Medicine, imene inatsegulidwa mu 1991, inayamba mu 2015 kuphunzitsa madotolo a mabanja pa chipatala cha Mangochi, kuti azolowere ntchito ya m'maboma. Komanso m'malire n'kwapafupi kuti wonyenga avale malaya oyera nadzitcha dotolo. Wodwala wa ku Mkanda kapena ku Kapiri sangathe kufufuza makalata. Bungwe ndilo limfufuzira.

Koma bungwelo nalo lili ndi mangawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, ndipo madotolo ndi ochepa. Mwezi uliwonse umene dotolo woyenera akhala pakhomo kudikira yankho, odwala ndiwo alipira. Kufufuza kukhale kolimba, koma yankho lituluke msanga.

Aphunzitsi ndi antchito a Boma, amene makolo amawafunsa nzeru, achenjeze aliyense wofuna kutumiza mwana kukaphunzira udotolo kunja, kuti ayambe wafunsa ku bungwelo ngati sukuluyo ivomerezedwa, ndalama zisanatuluke. Akale anati safunsa anadya phula.