Musanagule pedulo ya besi, funsani kaye komwe mukasomeke

Sabata ino tisiye kaye za mitengo ya chimanga ndi matikiti a pamsika. Tikambe za besi, gitala ya zingwe zonenepa ija. Musadabwe, abale anga. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu amene mkati mwa sabata mumakhalira kuitanira malonda, Loweruka mumapezeka pa zikwati ndipo Lamulungu m'matchalitchi, besi ili pamimba.

Wandiputa ndi mnzanga wina wogulitsa nsapato za kaunjika ku Limbe. Mkuluyu wakhala akuimba besi kutchalitchi kwawo zaka zitatu wopanda ampu yakeyake. Ankangosomeka gitala mu mikisa, mawu n'kumatuluka ouma ngati munthu akugogoda chidebe. Atatopa anatapa mpamba wa belo lathunthu n'kutuma munthu wopita ku Joni kuti akamugulire pedulo yotsanzira ampu. Katundu anafika Lachisanu, koma wopanda adaputa. Loweruka pa chikwati mnzangayo anangobwereka adaputa ya woimba kiyibodi n'kusomeka. Aaa, kunangomveka kafungo ka waya wopsa, nyali ya pedulo osayaka ngakhale kamodzi. Belo lija linathera pomwepo. Paja amati safunsa anadya phula.

Ndiye kodi chinthu chimenechi n'chiyani? Ndi kabokosi koponda ndi phazi komwe kamatenga mawu a gitala yanu n'kuwaveka mawu a ampu yaikulu yomwe mulibe. Tengani Ampeg SVT, ampu ya besi yomwe inatuluka ku America mu 1969. Ili ndi mphamvu ya mawati 300, mutu wake wokha umalemera makilo oposa 35, ndipo bokosi lake la masipika asanu ndi atatu anthu amangoliti firiji. Kondakitala wa minibasi ataiona angakulipiritseni mipando itatu. Mu 1989 Andrew Barta wa kampani ya Tech 21 ku New York anatulutsa SansAmp, kabokosi kotsanzira mawu a maampu otere popanda kusenza chikatundu. Mu 1998 kampani ya Line 6 inabwera ndi POD, yomwe imachita ntchito yomweyo koma ndi kakompyuta mkati. Mpaka lero mitundu ndi iwiri yomweyo: ya makono ochepa opotokola ndi dzanja, ndi ya kakompyuta yokhala ndi kasikirini ndi mawu ambirimbiri.

Tsono funso loyamba si lakuti iti ili ndi mawu ambiri ayi. Funso ndi lakuti mukaisomeka pati. Ngati mumaimbira mu mikisa ya tchalitchi kapena ya a zokuzira mawu a pa chikwati, yang'anani chibowo cha timapini titatu chija, chonga cha maikolofoni, chomwe amachitcha XLR. Chingwe chotere chimatha kuyenda mamita ambiri osatola phokoso la "zzzz" lomwe limabwera mukatalikitsa chingwe wamba cha gitala. SansAmp Bass Driver DI ili nacho chibowochi. Behringer BDI21, yomwe ndi yotchipa kwambiri ndipo inapangidwa motsatira nzeru yomweyo, nayonso ili nacho. Koma Zoom B1 Four ndi Boss GT-1B zilibe. Si kuti n'zoipa, koma mikisa ikakhala kutali mudzafunika kabokosi kena kotchedwa DI, ndipo ndi ndalama inanso imeneyo. Iwerengereni mu mtengo musanavomere.

Chachiwiri ndi magetsi, pomwe mnzanga uja anagwera. Mapedulo ambiri amadya mavoti 9, ndipo pakamutu ka adaputa yake, chapakati ndi negetivu. Maadaputa ambiri a kiyibodi ndi a mavoti 12, chapakati n'kukhala pozitivu. Kamutu kamatha kulowa bwinobwino, koma ndi imfa. Werengani zolembedwa pa pedulo ndi pa adaputa, zifanane. Onaninso ngati adaputayo ikulandira mavoti 230 a kuno kwathu, chifukwa zina zochokera ku America zimafuna ochepa kuposa pamenepo.

Funsaninso za mabatire. Tonse tikudziwa mmene jenereta ya pa chikwati imachitira, mphamvu kukwera, kutsika, kenaka zii. Zoom B1 Four ndi Boss GT-1B zimayenda ndi mabatire anayi a AA, omwewa timagulitsa pa benchi. SansAmp imayenda ndi batire limodzi la mavoti 9, kapena imakoka mphamvu ya mavoti 48 kuchokera mu mikisa kudzera pa chingwe cha XLR chija, ngati mikisayo ili nayo. Koma makina aakulu ngati Line 6 HX Stomp, yomwe inatuluka mu 2018, safuna za mabatire, amafuna adaputa yawoyawo basi. Mawu ake ndi okoma zedi, mtengo wakenso ndi wa mabelo angapo.

Chachitatu, ikhale ya besi, osati ya gitala wamba. Wogulitsa wina adzakuuzani kuti zonse n'chimodzimodzi. Bodza. Chingwe chonenepa cha besi, cha E chija, chimanjenjemera ka 41 pa sekondi, pomwe cha E cha gitala wamba ndi ka 82. Mapedulo ambiri a gitala wamba amadula mawu apansi amenewa, ndiye besi yanu imasanduka banjo. Pa ya besi yang'anani kono yolembedwa Blend, yomwe imasakaniza mawu enieni a gitala ndi mawu otsanzira aja kuti kulemera kusathawe.

Chachinayi, musatengeke ndi manambala a pa katoni. Mawu mazana awiri mukatani nawo? Pa nyimbo za kwaya, rege ndi manganje a pa chikwati, mawu atatu akwana: oyera, onenepa, ndi okhala ndi kaukali pang'ono. M'busa akayambitsa kolasi mwadzidzidzi simungakhale mukusakasaka pa kasikirini. Komabe ya kakompyuta ili ndi ubwino wake kwa wophunzira. Zoom B1 Four, mwachitsanzo, ili ndi chochunira zingwe, ng'oma zoimbira pamodzi, ndipo mutha kusomekapo mahedifoni n'kumayeserera usiku a landilodi osadzuka.

Dziwaninso ichi: pedulo si ampu. Imakometsa mawu koma siwakweza. Ngati masipika a kutchalitchi kwanu ndi tating'ono, besi sidzagwedeza mabenchi ngakhale mutagula yodula bwanji. Ndipo mukasiya ampu kunyumba, uzani wa pa mikisa akupatseni sipika yoyang'ana kwa inu, apo ayi muziimba osadzimva.

Chomaliza mukuchidziwa kale, chifukwa ndinu a malonda: osagula katundu wa m'thumba. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Pitani ndi besi yanu ndi chingwe chanu. Yesani pa sipika yaikulu, chifukwa pa mahedifoni chilichonse chimakoma. Potokolani kono iliyonse mumve ngati ikukanda. Gwedezani chingwe pachibowo, pondani switchi kakhumi, tsegulani mwa mabatire muone ngati muli dzimbiri. Ngati mukutuma munthu kunja, mulembereni dzina lonse ndi nambala yake papepala, muwonjezere kuti adaputa ibwere pamodzi.

Mukandifunsa ine, wa pa chikwati ndi kutchalitchi agule ya makono ochepa yokhala ndi XLR ndi batire. Wophunzira wa ndalama zochepa atenge ya kakompyuta yaing'ono. Zodulazo asiyireni a mu situdiyo, inu mpamba ubwerere pa benchi.

Musaiwalenso kuti a Madalitso Band a ku Lilongwe afika mpaka ku Ulaya ndi babatoni ya chingwe chimodzi, yopanga okha. Zala zikakhala zaulesi, palibe kabokosi kangakuomboleni.

Mnzanga uja wabwerera ku chidebe chake chogogoda, ndipo akusunganso pang'onopang'ono. Akuti ulendo uno akagula, adaputa adzaimangirira ndi chingwe ku pedulo, wa kiyibodi asayandikire. Tionana sabata ya mawa.