Madzi Akaononga Nyumba ya Mnansi, Mwini Mpope Alipire

Kumudzi mlandu wa ng'ombe imene yadya cimanga ca mnansi sutenga masiku. Amfumu ndi nduna zao amapita kumunda, naona mapesi oonongeka, ndipo mwini ng'ombe amalipira ngakhale kuti anali m'tulo pamene ng'ombeyo inathyola khola. Cilungamo comweci tifuna kuti cionekenso m'nyumba zosanjikizana za m'matauni, zimene ambiri amazicha mafulati, kumene madzi ocokera kwa wokhala pamwamba amagwetsa siling'i ndi kuoletsa katundu wa wokhala pansi.

Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu a ku Lusaka ndi ku Migodi cabe. Ai ndithu. M'caka ca 1996 Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo. Ena a ogulawo anapuma pa nchito nabwerera kwao ku Katete, ku Petauke kapena ku Chadiza, nasiya nyumbazo kwa anthu olipira lendi. Ndalama zimafika mwezi ndi mwezi, koma mipope yacitsulo ya m'makomamo ikudyedwa ndi dzimbiri. Kale mpope ukaphulika munthu anali kungokauza khonsolo. Lero nyumba yogulitsidwa siilinso m'manja mwa khonsolo, ndipo kampani ya madzi imalekezera pa mita. Kucokera pa mita kulowa m'nyumba, udindo ndi wa mwini wake.

Tsono alipire ndani? Ciyambi ca madziwo ndico cimaloza wolakwa. Madzi akaleka kutuluka masana, ena amasiya mpope uli wotsegula nakagona, ndipo akabweranso pakati pa usiku amasefukira mpaka pansi. Pamenepo wolakwa ndi wokhalamo, kaya nyumba ndi yake kaya ndi ya lendi. Koma ngati ndi mpope wakale kapena giza imene inayamba kudontha, mwini nyumba nauzidwa koma osacitapo kanthu, mlandu umamutsata mpaka kumudzi. Denga ndi mipope yodyera pamodzi ndi za eni nyumba onse, ndipo lamulo la Common Leasehold Schemes la m'caka ca 1994 linatsegula njira yoti iwo akhale ndi bungwe losamala zinthu zotere.

Kwa inu amene madzi akugwerani, coyamba zimitsani magetsi, pakuti madzi akafika pa waya angathe kupha munthu. Kenaka itanani mnansi wanuyo adzaone ndi maso ace khoma likali lonyowa, pali mboni ziwiri. Jambulani zithunzi pa foni. Mmisiri wa mipope alembe pa pepala kumene madziwo akucokera, ndipo lisiti liri lonse la sementi, la penti ndi la malipiro a mmisiri lisungidwe. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amathamangira kukonza, nataya matabwa oola, ndipo pofika ku bwalo la milandu alibe cosonyeza koma mau a pakamwa. Woweruza sangawerengere ndalama pa mkwiyo wa munthu.

Mukadziwa mtengo wonse, lembani kalata yaulemu yochula ndalamazo ndi tsiku limene mufuna zilipidwe, ndipo musunge kope lace. Kulipira pang'onopang'ono sikoipa ngati panganolo lalembedwa ndi kusainidwa. Mnansi akakana, kuli bwalo lochedwa Small Claims Court, lokhazikitsidwa mwa lamulo la m'caka ca 1992. Kumeneko munthu amadzilankhulira yekha popanda loya, ndipo cofunika ndi ciwerengero ceniceni ca ndalama. Ndalama zikapitirira malire a bwalolo, nkhani imapita kwa majisitireti.

Pali zinthu ziwiri zimene sitigwirizana nazo. Ena amaleka kulipira lendi kwa mwini nyumba wao, amene sanalakwe kanthu, ndipo mapeto ace amathamangitsidwa iwo eni. Enanso amafuna kulemererapo: mpando wa zaka khumi wanyowa, iwo nafuna wa m'sitolo watsopano. Cimene munthu ayenera kulandira ndi cobwezera cimene cinaonongeka, osati phindu.

Ndipo inu makolo amene muli ndi nyumba m'tauni pamene mukhala kumudzi, sankhani mbale wokhulupirika woti aziyendera nyumbayo, makamaka mvula isanayambe mu November. Patulani kagawo ka lendi mwezi uli wonse kuti kakhale ka zokonzera, ndipo wokhala pansi pa nyumba yanu akhale ndi nambala yanu ya foni. Kusintha mpope umodzi kumadya ndalama zocepa poyerekeza ndi siling'i, penti ndi katundu wa mnansi, kuonjezapo ya basi yopita ku Lusaka kukayankha samani pa nthawi yolima.