Malire a Intaneti Amapweteka Wopanda Kothawira

Kampani ya Comcast ya ku America, yomwe imafikitsa intaneti m'nyumba kudzera m'mawaya, inaika malire a magigabaiti 250 pamwezi mu 2008. Pofika Julayi 2020 malirewo anali materabaiti 1.2, ndipo wopyola ankalipira madola 10 pa magigabaiti 50 aliwonse owonjezera.

Mliri wa Covid-19 utakula mu Marichi 2020, kampaniyo inachotsa malirewo kwa miyezi ingapo. Ana ankaphunzirira kunyumba, makolo ankagwirira ntchito pakompyuta, koma mawaya anasenza mtolo wonsewo. Apa zinaonekeratu kuti malirewo sanali otetezera mawaya. Anali njira yokolola ndalama. Onaninso kuti kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, kumene Verizon imalimbirana nayo msika, makasitomala sankalipitsidwa chindapusachi.

Wakumudzi alibe mwayi wotere. Nyumba zikatalikirana, kukoka waya kumadula, ndipo makampani amazengereza. Waya ukafika, kawirikawiri umakhala wa kampani imodzi, ndipo zimene yanena ndiye lamulo.

Choncho boma lililonse lopereka ndalama za misonkho kuti mawaya afike kumidzi liziyamba lamanga pangano: wolandira ndalamazo asaikire malire anthu amene alibe kwina kogula.