Ku Bwanje kukakhala zii, si kuti kuli bwino

Mvula ikangovuta, Facebook imadzaza: mlatho waduka apa, nyumba zagwa uko, m'bale wathu sakuoneka. Tinaziona pa Ana mu Januwale 2022, tinazionanso pa Freddy mu Malichi 2023 pomwe anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Masiku ano pali makompyuta otha kuwerenga mauthenga otere masauzande m'kamphindi, n'kupatula a ofuna chakudya, ofuna mankhwala ndi ozingidwa ndi madzi, kenako n'kuwaika pa mapu kuti thandizo lidziwe kolowera. Ku Haiti, chivomezi cha 2010 chitachitika, anthu ankatumiza SMS ku 4636, ena n'kumamasulira kuchoka mu Chikiliyo, ndipo mauthenga ofunikira ankaikidwa pa mapu a Ushahidi. Nzeruyi ndi yabwino, sitikuikana.

Koma amayi anzathu, kompyuta imamva yekhayo amene walemba. Nanga kuno ku Ntcheu amalemba ndani? Wa pa boma, wa foni yaikulu, wa bundle. Mayi wa ku Bwanje kapena ku Kasinje, madzi akalowa m'nyumba usiku, manja ake ali pa ana ndi thumba la ufa. Foni, ikakhalapo, ndi ya mabatani, ndipo nthawi zambiri ili m'thumba mwa abambo. Pa mapu dera lake lidzaoneka loyera, eti kulibe vuto.

Ndiye pali za chilankhulo. Ife timalemba "madz alowa mnyumba plz tithandizen", Chichewa, Chingerezi ndi chidule pamodzimodzi. Kompyuta yoleredwa ndi Chingerezi izimva bwanji zimenezi?

Chotipweteka kwambiri n'chakuti mavuto athu enieni sitiwalemba pagulu. Ndani angalembe pa Facebook kuti ali kumwezi ndipo pa kampu palibe mapadi? Kuti chimbudzi chilibe chitseko? Kuti wolemba mayina akufuna thupi lake kuti amupatse ufa? Izi zimanong'onedwa kwa mayi mnzako basi.

Choncho tikupempha a DoDMA ndi khonsolo ya Ntcheu: njira iliyonse yowerengera mauthenga izilandiranso SMS zaulere za m'Chichewa, monga ichitira U-Report ya UNICEF. M'makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi a m'midzi mukhale amayi okhala ndi foni ndi mayunitsi, osati ongodzadzitsa chiwerengero. Dera likakhala chete, tumizani munthu akaone. Ndipo dzina ndi nambala ya mayi wodandaula za nkhanza zisamayendeyende m'magulupu.

Ifenso tili ndi gawo lathu. Amene tili ndi intaneti, tikamva za kumudzi tizilemba momveka: mudzi, mfumu yaikulu, tsiku, mabanja angati, akusowa chiyani. Chithunzi chakale cha kwina musachitumize ngati cha lero, chimasocheretsa thandizo. Za nkhanza musalembe m'makomenti muno. Imbani 5600, ndipo ngati ndi mwana, 116.