Injini ya boti ikalusa, kiyi sathandiza

Amalonda a nsomba zaziwisi odalira maboti a dizilo pa nyanja ya Malawi ali ndi ufulu wofunsa mwini boti za oyilo asanakweze katundu. Oyilo akathiridwa mopyola muyezo, kapena akamadonthera mu turbo, injini imayamba kumuwotcha ngati dizilo. Imathamanga mopenga, utsi uli tolotolo, ndipo kutembenuza kiyi kapena kutseka dizilo sikuphula kanthu. Chothandiza n'kutseka polowera mpweya ndi thabwa, osati dzanja, kuti ibanike.

Mwini boti woumira ndalama ya makaniko amatchova juga ndi mpamba wa anzake. Injini ikafera pakati pa nyanja, nsomba zimawola, ngongole n'kutsala. Wamalonda wanzeru amasankha boti losamalidwa, ngakhale mtengo wake ukwereko pang'ono.